Mawu Akuti Ergonomics: Chiyambi, Tanthauzo ndi Kalembedwe Kake m'Chinyanja

1.0 Mawu Oyamba

Pakati pa mawu a sayansi amene akupezeka m'mabuku a sukulu za ntchito zamanja, m'malamulo oteteza anthu apantchito ndiponso m'zikalata za makampani pali mawu akuti ergonomics. Mlembi wa buku la Chichewa ku Malawi, mnzake wa Cinyanja ku Zambia ndi wa ku Mozambique, aliyense akafika pa mawuwa amadzisankhira yekha chochita: wina amawasiya m'Chingerezi, wina amawalemba monga momwe akumvekera m'khutu mwake, wina amawatanthauzira. Zotsatira zake n'zakuti ophunzira a chiyankhulo chimodzi angathe kumva zinthu zitatu zosiyana.

Gawo lino likulongosola kumene mawuwa adachokera ndi chimene amatanthauza, kenaka likupereka maganizo a momwe angalembedwere. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: ergonomics ndi nzeru yokonza ntchito kuti iyenere munthu. Kumasulira kulikonse kumene kungatembenuze mfundoyi, n'kuphunzitsa kuti munthu ndiye akonzedwe kuti ayenere ntchito, kwalakwika ngakhale kalembedwe kake katakhala kotsata malamulo onse.

2.0 Kumene Woyankhula Chinyanja Amakumana ndi Mawuwa

Chitsanzo chooneka bwino chili ku Rosebank, dera la maofesi, mahotela ndi masitolo limene lili kumpoto kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg, m'mbali mwa msewu wa Oxford. Chitsegulireni siteshoni ya sitima ya Gautrain m'derali mu 2011, kwamangidwa nyumba zambiri zosanjikizana za maofesi. M'maofesi otere, ngakhalenso m'masitolo ogulitsa katundu wake, mawu akuti ergonomic amalembedwa pa mipando, pa madesiki okwezeka ndi kutsitsika, ndi pa zipangizo za kompyuta. Munthu wowerenga zolemba zamalondazi angaganize kuti ergonomics ndi mtundu wa mpando wokwera mtengo.

Komabe mumzinda womwewo muli Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Mozambique ochuluka amene amagwira ntchito zosakhalira pampando. Ena ndi operekera zakudya, ena ophika, alonda, osesa ndi kukolopa, osamalira maluwa, onyamula katundu ndi omanga nyumba. Mlonda amene waima chiimire usiku wonse, mayi amene wawerama tsiku lathunthu akukolopa, ndi mnyamata amene akutsitsa makatoni m'lole ndiwo amene sayansi imeneyi imawakhudza kwambiri, ndipo ndiwo amene sauzidwa kawirikawiri kuti ikuwakhudza.

Nkhaniyi idalowa m'lamulo. Pa 6 Disembala 2019, boma la South Africa lidalengeza malamulo otchedwa Ergonomics Regulations, pansi pa lamulo lalikulu la mu 1993 loona za umoyo ndi chitetezo cha anthu pantchito. Malamulowa amalamula wolemba anthu ntchito kuti azifufuza zinthu zimene zingavulaze antchito chifukwa cha kagwiridwe ka ntchito, kafukufukuyo azibwerezedwa pasanathe zaka 2, antchito aziphunzitsidwa za ngozi zimenezi, ndipo amene ali pachiopsezo aziyezedwa ndi achipatala. Amakhudzanso okonza, opanga ndi ogulitsa makina. Motero wantchito woyankhula Chinyanja ali ndi ufulu umene dzina lake sadziwa tanthauzo lake. Apa ndi pamene nkhani ya mawu ikusanduka nkhani ya msana wa munthu.

3.0 Mizu ya Mawuwa

Mawu akuti ergonomics adapangidwa polumikiza mawu awiri a Chigiriki. Oyamba ndi ergon, kutanthauza ntchito. Achiwiri ndi nomos, kutanthauza lamulo, mwambo kapena dongosolo limene chinthu chimatsata.

Muzu wa ergon umapezeka m'mawu ena amene ophunzira amawadziwa kale. Mawu a Chingerezi akuti energy, amene m'Chinyanja amamasuliridwa kuti mphamvu, adachokera ku en ndi ergon, ndiye kuti chimene chili m'kati mwa ntchito. Dzina lakuti George lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza wogwira ntchito m'nthaka, ndiye kuti mlimi. Akatswiri a mbiri ya ziyankhulo amasonyezanso kuti ergon ndi mawu a Chingerezi akuti work, pamodzi ndi a Chijeremani akuti Werk, ndi apachibale ochokera ku muzu umodzi wakale.

Muzu wa nomos umapezeka m'mayina a maphunziro angapo. Astronomy ndi dongosolo la nyenyezi, agronomy ndi dongosolo la minda, ndipo economy idayamba ngati kayendetsedwe ka nyumba, pakuti oikos m'Chigiriki ndi nyumba. M'mayina onsewa nomos sakutanthauza lamulo lopangidwa ndi aphungu a nyumba ya malamulo. M'dzina lakuti ergonomics akutanthauza dongosolo la chilengedwe limene munthu amalipeza pofufuza, monga lakuti minofu imatopa ikakhala malo amodzi nthawi yaitali, kapena lakuti maso sangatsate bwino zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri kwa womasulira, monga momwe gawo 8.0 likusonyezera.

4.0 Kubadwa Kawiri kwa Dzinali

Chidwi chofufuza mmene ntchito imawonongera thupi chidalipo dzinali lisadabadwe. Mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, adasindikiza buku la matenda a anthu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo adalangiza madokotala anzake kuti pofunsa wodwala azifunsanso ntchito imene amagwira. Iye adaona kuti ena amadwala chifukwa cha fumbi ndi utsi, koma ena amadwala chifukwa cha kakhalidwe ka thupi pogwira ntchito: kukhala pansi kosalekeza, kuima kosalekeza, ndi kubwereza kayendetsedwe kamodzimodzi ka dzanja monga amachitira alembi.

Dzina lenilenilo lidalembedwa koyamba mu 1857 ndi Wojciech Jastrzębowski, katswiri wa zachilengedwe wa ku Poland amene adakhala ndi moyo kuyambira 1799 mpaka 1882. Iye adasindikiza nkhani yake m'magazini yotchedwa Przyroda i Przemysł ya mumzinda wa Poznań, ndipo adatcha maphunziro atsopanowo sayansi ya ntchito yotsamira pa choonadi cha m'chilengedwe. Kwa iye ntchito sidali ya manja yokha. Adawerengeramo ntchito ya thupi, ya zomvera za thupi, ya kuganiza ndi ya kudzipereka. Dzinali silidafale, ndipo lidakhala ngati loiwalika kwa zaka pafupifupi 90.

M'kati mwa zaka zimenezo kudabuka njira ina yofufuzira ntchito. Frederick Winslow Taylor wa ku America, amene buku lake la kayendetsedwe ka mafakitale lidatuluka mu 1911, adayeza anthu ofosholera pa fakitale ya zitsulo ya Bethlehem napeza kuti munthu amasuntha katundu wambiri pa tsiku ngati fosholo iliyonse inyamula makilogalamu pafupifupi 9.5. Choncho adakonza mafosholo osiyana kukula, aang'ono a miyala yolemera ndi aakulu a zinthu zopepuka. Chida chidasinthidwadi, koma cholinga chachikulu chidali kuchulukitsa zotuluka m'fakitale.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo idasintha kaganizidwe. Ndege zankhondo zidali ndi zida zambiri zowongolera, ndipo oyendetsa odziwa bwino ntchito ankachita ngozi zimene akuluakulu ankati n'kulakwitsa kwa woyendetsa. Mu 1943 Alphonse Chapanis, katswiri wa kaganizidwe ka anthu m'gulu la asilikali a ku America, adafufuza chifukwa chimene oyendetsa ndege za mtundu wa B-17 ankapindira matayala a ndege itatera kale. Adapeza kuti chogwirira chopindira matayala ndi chogwirira chowongolera zipepeso za kumapiko zidali zofanana maonekedwe ndipo zidali moyandikana. Munthu wotopa ankagwira china poyesa chinzake. Chapanis adaika kathayala kakang'ono pa chogwirira cha matayala, ndi kanthu kooneka ngati phiko pa chinacho, kuti dzanja lizizindikira lokha popanda kuyang'ana. Ngozi za mtunduwo zidachepa kwambiri. Oyendetsa adali omwewo. Chimene chidasintha ndi chida.

Nkhondo itatha, mu Julayi 1949, akatswiri a thupi la munthu, a kaganizidwe ndi a zomangamanga adakumana ku London pofuna kupitiriza kafukufuku wotere. Mmodzi wa iwo, K. F. H. Murrell, amene ankagwira ntchito ndi asilikali apamadzi a ku Britain, adapereka dzina lakuti ergonomics, ndipo mu 1950 gululo lidavomera kutchedwa Ergonomics Research Society. Ku America akatswiri adakonda dzina lina, human factors, ndipo bungwe lawo lidakhazikitsidwa mu 1957. Bungwe la dziko lonse, International Ergonomics Association, lidayamba mu 1959. Mayina awiriwa lero amatengedwa ngati a sayansi imodzi.

5.0 Tanthauzo Lake Lero

Mu 2000 bungwe la dziko lonselo lidavomereza tanthauzo limene mayiko ambiri amatsata. Mwachidule, ergonomics ndi sayansi yofufuza mgwirizano wa munthu ndi zinthu zonse zimene amagwira nazo ntchito, komanso ndi luso logwiritsa ntchito zofufuzazo pokonza zinthu, kuti munthu akhale ndi moyo wabwino ndipo ntchito yonse iyende bwino. Zolinga ziwirizi zimayendera limodzi. Sayansiyi ili ndi nthambi zitatu.

Nthambi yoyamba ndi ya thupi. Imaona za kaimidwe ndi kakhalidwe, kunyamula katundu, kubwereza kayendetsedwe kamodzi, kutentha, phokoso, kunjenjemera kwa makina ndi kuwala. Mpando wa ku ofesi uli m'nthambi imeneyi, koma ndi kachigawo kakang'ono chabe.

Nthambi yachiwiri ndi ya nzeru. Imaona za mmene munthu amaonera, amakumbukirira ndi kusankhira chochita. Chitsanzo cha ndege chija chili muno. Momwemonso mabotolo awiri a mankhwala osiyana amene zolemba zake n'zofanana, kapena foni imene malangizo ake otumizira ndalama amasokoneza munthu mpaka kutumiza kwa wina.

Nthambi yachitatu ndi ya dongosolo la ntchito. Imaona za kutalika kwa maola, kusinthana kwa antchito a usana ndi a usiku, nthawi yopuma, kagawidwe ka ntchito ndi kamvanidwe ka anthu apantchito.

Kukula kwa vuto limene nthambi yoyamba imalimbana nalo kukuoneka m'chiwerengero cha bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, chimene chikuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi kupweteka kwa msana wam'munsi, ndipo kuti vutoli ndilo limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa vuto lina lililonse.

6.0 Phunziro la ku Migodi ya ku Joni

Kuti wophunzira amvetse kusiyana kwa kukonza ntchito ndi kukonza munthu, palibe chitsanzo chapafupi kuposa mbiri ya migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene anthu ambiri a m'mayiko atatuwa adagwirako ntchito. Migodi imeneyi ndiyo idamanga chuma cha mzindawu, ndipo kampani ya migodi ya Anglo American idasamutsira likulu lake la m'dzikolo ku Rosebank mu 2021. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa atalembedwa ndi Wenela. Boma la Malawi lidaimitsa kalemba mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kalemba adayambiranso mu 1977 kudzera mwa TEBA, imene anthu ankaitcha Theba, ndipo adatha mu 1988.

Mgodi ukamazama, mwala umatentha. Anthu ankakomoka ndi kufa ndi kutentha, makamaka ongofika kumene. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, akatswiri otsogozedwa ndi Cyril Wyndham adafufuza mozama mmene thupi limapiririra kutentha, ndipo kafukufuku wawo adadziwika m'mayiko ambiri. Njira imodzi imene migodi idatsata idali yozoloweretsa thupi. Amuna ongolembedwa kumene ankalowetsedwa m'chipinda chotenthetsedwa ndi chodzaza chinyontho, n'kumakwera ndi kutsika pa chopondera motsata mlingo woikika, maola 4 pa tsiku kwa masiku angapo, achipatala akuwayeza kutentha kwa thupi. Njirayi idachepetsa imfa zobwera ndi kutentha, ndipo mfundo imeneyi siyenera kubisidwa. Komabe amene adadutsamo ankaiona ngati chimodzi mwa zinthu zowawa ndi zonyozetsa kwambiri pa moyo wa kumgodi. Kumeneku kudali kukonza munthu kuti ayenere ntchito.

Njira ina idali yoziziritsa mgodi weniweniwo. Migodi yakuya imapopera pansi mpweya wozizira, madzi ozizira ngakhalenso madzi oundana. Mgodi wa Mponeng, kumadzulo kwa Johannesburg, ndi wakuya makilomita pafupifupi 4, ndipo mwala wa pansi pake umatentha kufika madigiri 60 kapena kuposerapo, koma makina oziziritsa amatsitsa kutentha kwa mpweya wa pogwirira ntchito kufika pafupifupi madigiri 30. Kumeneku ndiko kukonza ntchito kuti iyenere munthu.

Njira zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito sayansi ya thupi, ndipo nthawi zina zonse zimafunika. Koma ergonomics imaika njira yachiwiri patsogolo: choyamba achotse chovulaza, chikakanika achichepetse posintha chida kapena malo, kenaka asinthe dongosolo la ntchito, ndipo kuphunzitsa munthu kupirira kapena kumuveka zodzitetezera kukhale kothera.

7.0 Zitsanzo Zoyenera Mabuku a M'mayiko Atatuwa

Mabuku ochokera kunja amafotokoza phunziroli ndi chithunzi cha munthu wokhala pa kompyuta. Ophunzira ambiri a ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia adzalimva msanga likafotokozedwa ndi zida zimene amazidziwa.

Khasu ndi chitsanzo choyamba. Kutalika kwa mpini ndiko kumalamula mmene mlimi aweramire popanga mizere kapena popalira. Mpini waufupi umapereka mphamvu pa nthaka yolimba koma umapinditsa msana tsiku lonse. Nkhaniyi idafika mpaka m'makhoti kwina: mu 1975 chigawo cha California ku America chidaletsa kugwiritsa ntchito khasu la mpini waufupi popalira m'minda ya malonda chifukwa lidapundula misana ya antchito. Izi sizikutanthauza kuti mpini umodzi ungayenere nthaka zonse. Zikusonyeza kuti kutalika kwa mpini ndi nkhani yoyenera kuyezedwa molingana ndi msinkhu wa mlimi ndi mtundu wa ntchito. Mmisiri wosema mipini amene amayang'ana msinkhu wa mwini khasu asadadule mtengo amatsata kale mfundo imeneyi.

Chitsanzo chachiwiri ndi katundu. Thumba la feteleza kapena la chimanga limalemera makilogalamu 50. Mu 1967 bungwe la zantchito pa dziko lonse la ILO lidalangiza kuti mwamuna wamkulu asanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55. Kafukufuku wa pambuyo pake adatsitsa kwambiri mlingowu: njira yowerengera imene bungwe la NIOSH la ku America lidakonzanso mu 1991 imayambira pa makilogalamu 23, ndipo mlingowo umatsika katundu akakhala patali ndi thupi, pansi kwambiri, kapena ngati akunyamulidwa mobwerezabwereza. Kuuza wonyamula matumba kuti azipinda mawondo n'kothandiza pang'ono. Kum'patsa wilibala, kukweza poikira matumba kuti pafike m'chiuno, kapena kugawa katundu m'matumba a makilogalamu 25 ndiko kukonza ntchito.

Chitsanzo chachitatu ndi nkhata. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20 chikadzaza madzi. Nkhata imamwaza kulemera kwa katundu pamutu ndi kumukhazika bwino, choncho ndi chida chokonzedwa poganizira thupi. Komabe siichotsa kulemera kumene khosi ndi msana zimasenza. Chimene chimachotsa ndi mjigo kapena mpopi wapafupi ndi nyumba.

Chitsanzo chachinayi chili m'kalasi momwemo. Desiki imodzi singayenere mwana wa Sitandade 1 ndi wa Sitandade 8. Mwana amene mapazi ake sakufika pansi, kapena amene akulembera pabondo atakhala pansi, amatopa msanga ndipo zolemba zake zimaipa. Unduna umene ukugula madesiki ukuchita nawo ergonomics, kaya ukudziwa kaya ayi. Chimodzimodzinso wosindikiza posankha kukula kwa zilembo za buku la ana oyamba kuwerenga.

8.0 Njira Zolembera Mawuwa m'Chinyanja

Njira zodziwika zolandirira mawu achilendo ndi zitatu: kumasulira mizu yake, kubwereka mawuwo n'kuwalemba motsata kamvekedwe ka chiyankhulo, ndi kufotokoza tanthauzo.

8.1 Kumasulira mizu

Ergon ndi nomos akamasuliridwa mwachindunji amapereka "malamulo a ntchito". Njira imeneyi ndi yosayenera. Kwa woyankhula Chinyanja aliyense, malamulo a ntchito ndi aja a boma onena za malipiro, tchuthi, kalembedwe ndi kachotsedwe ka antchito. Wophunzira angaganize kuti akuphunzira zamakhoti. Monga taonera kale m'gawo 3.0, nomos wa m'dzinali ndi dongosolo la chilengedwe.

8.2 Kubwereka

Chinyanja chidabwereka kale mayina a maphunziro monga sayansi, fizikisi ndi masamu. Maphatikizo a Chinyanja amathera ndi lembo la liwu, choncho malembo opanda liwu ogundana m'mawu achilendo amalekanitsidwa, monga m'mawu akuti sukulu, buledi ndi kalasi. Vuto la mawu ano n'lakuti amafika kudzera m'ziyankhulo ziwiri. Ku Malawi ndi ku Zambia amafika kudzera m'Chingerezi chimene sichitchula r wa m'phatikizo loyamba, ndipo khutu limamva "egonomikisi". Ku Mozambique amafika kudzera m'Chipwitikizi, ergonomia, mmene r amamveka, ndipo khutu limamva "erigonomiya".

Kalembedwe kalikonse kali ndi ubwino wake. Koyamba n'kofanana ndi fizikisi, ndipo n'kosavuta kwa wophunzira amene adzalemba mayeso m'Chingerezi. Komabe kamataya r wa muzu wa ergon, ndipo s wakumapeto angachititse ena kuganiza kuti mawuwa ndi ochulukitsa, n'kuwaika m'gulu la ma- monga zidachitikira ndi masamu. Kachiwiri kamasunga muzu wonse, kamafanana ndi dzina la m'Chipolishi, m'Chipwitikizi ndi la m'Chifalansa, ergonomie, ndipo sikaswa lamulo la ku Malawi lakuti r alembedwe pambuyo pa e ndi i. Wophunzira wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka akaona ergonomics m'buku la Chingerezi adzazindikira mosavuta kuti ndi erigonomiya, pakuti malembo e, r, g, o, n, o, m onse alimo.

Pa zifukwa zimenezi, gawo lino likupereka ganizo lakuti mabuku a mayiko atatuwa alembe erigonomiya. Mawuwa akhale m'gulu limodzi ndi sayansi, motero: erigonomiya imathandiza, erigonomiya ya m'migodi, erigonomiya yake. 

8.3 Kufotokoza

Mawu obwereka payekha sanena kanthu kwa wophunzira, choncho ayenera kutsagana ndi tanthauzo pamene awonekera koyamba. Tanthauzo limene likuperekedwa ndi ili: erigonomiya ndi sayansi yokonza ntchito, zida ndi malo ogwirira ntchito kuti ziyenere thupi ndi nzeru za munthu.

Olemba asamale ndi agwirizanitsi m'chiganizo chimenechi. Ziganizo ziwiri izi zimasiyana pang'ono m'maonekedwe: "kukonza ntchito kuti iyenere munthu" ndi "kukonza munthu kuti ayenere ntchito". Choyamba ndi mpweya wozizira wa mumgodi, chachiwiri ndi chipinda chotentha chija. Mneni wakuti kuyenerana, ngakhale akumveka bwino, sasonyeza chimene chiyenera kusintha, choncho asagwiritsidwe ntchito yekha m'tanthauzo. Mawu akuti kuzolowera apewedwe kotheratu, pakuti amaika udindo pa wantchito.

M'tanthauzoli muli kusiyana kwa kalembedwe kumene kudalipo kale. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa a ku Malawi, amene adatuluka mu 1973 nakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, amalemba chida ndi ntchito. Kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro ku Zambia udavomereza mu 1977 kamapereka cida ndi nchito. Kusiyanaku n'kwa malembo okha, tanthauzo silisintha.

Pomasulira mawu akuti ergonomic, amene amalembedwa pa katundu, sipafunika kubwereka. "Mpando woyenera thupi la wokhalapo" kapena "mpini woyenera msinkhu wa mlimi" n'zomveka bwino, ndipo zimakumbutsa wowerenga kuti palibe chida chimene chili choyenera pachokha. Mpando woyenera munthu wamtali ungapweteke wamfupi.

9.0 Mfundo kwa Maunduna ndi Osindikiza Mabuku

Choyamba, mawu amodzi, erigonomiya, ayesedwe pakati pa aphunzitsi, ophunzira a sukulu za ntchito zamanja ndi oyendera malo antchito m'mayiko onse atatu asadalowe m'mtanthauziramawu. Mabungwe monga Centre for Language Studies ku Zomba, imene idayamba mu 1996, ndi NELIMO ya ku yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo ali ndi luso la ntchito yotere.

Chachiwiri, buku lililonse lipereke tanthauzo pamodzi ndi mizu iwiri ya Chigiriki, ndipo litchule dzina la Chingerezi kapena la Chipwitikizi m'ndandanda wa mawu wa kumapeto, kuti wophunzira athe kulizindikira pa chikalata cha kuntchito.

Chachitatu, zitsanzo ndi zithunzi zichokere m'nthambi zonse zitatu, ndipo ziyambire pa khasu, thumba, nkhata, njinga ya kabaza, makina osokera ndi desiki, kenaka zifike pa kompyuta.

Chachinayi, maunduna a zamaphunziro agwirizane ndi maunduna a zantchito. Malawi idakhazikitsa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito mu 1997, ndipo Zambia idakhazikitsa lake mu 2010. Timapepala tofotokozera antchito malamulo otere tikalembedwa ndi mawu ofanana ndi a m'mabuku a sukulu, mnyamata amene waphunzira ku Mchinji, ku Katete kapena ku Lichinga adzamva zimene akuuzidwa pantchito kwawo. Akadzapezeka akutsitsa makatoni ku Rosebank, adzadziwanso kuti lamulo la mu 2019 likunena za iye, ndipo kuti angathe kupempha wilibala.